Zala Zimene Makina Anakana

Tadala ndi Chisomo, ana anga, kuyambira muli aang'ono mwakhala mukundifunsa kuti ntchito imene ndinkagwira inali yotani kwenikweni, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani nyumba yathu ya ku Bvumbwe ili ndi mawindo aatali ngati a tchalitchi. Za mawindozo amayi anu anakana kuyankha, akuti ndifotokoze ndine popeza ndi ine ndinaziyamba. Ndiye khalani pansi muwerenge.

Za ntchito, anthu a kuno anagamula kale. Amanditchula kuti a Makwinja a makompyuta, ndipo amandibweretsera mafoni ogwera m'chitsime kuti ndiwakonzere. Ine foni sinditha kukonza. Ndimailandira ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, kupukusa mutu, kenako n'kuwalozera kwa amisiri a pamsika. Amene anaitchula bwino ntchito yanga ndi malemu apongozi anga, agogo anu a ku Masambanjati. Ankati ndi ganyu wovala tayi. Dzinali linandiwawa zaka zambiri, koma tsopano poti ndinapuma, ndipo matayi anga amayi anu akumangira matimati kudimba, ndikuvomera kuti sananame.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Limbe, pa kampani ina yopikulitsa katundu wa m'magolosale. Inali ndi kompyuta imodzi yokha, ndipo kompyutayo inali ndi chipinda chakechake, chozizira kuposa ofesi ya bwana. Poweruka tinkaifunditsa nsalu. Ine yanga inali kutayipamo sopo, shuga ndi machesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kalata yondilemba inkati ntchitoyo ndi yokhazikika, ndipo mawu amenewo ndi amene ankhoswe anga anakadalira ku Masambanjati. Inakhazikika zaka zitatu. Tsiku lina tinapeza pageti pali loko, mlonda nayenso akufunsa ife kuti chachitika n'chiyani.

Chimene ndinatola ku Limbe si kompyuta ayi, koma msika. Anzanga akapita kokadya, ine ndinkazungulira kwa ogulitsa kaunjika n'kumaonerera anthu akunenerera. Kumeneko ndinaphunzira kuti mtengo woyamba ndi moni chabe. Ndinaphunzira kutembenuka ngati ndikupita koma khutu ndasiya kumbuyo. Chachikulu pa zonse chinali chakuti wogulitsa usamamusiye wopanda chokanena kwa mkazi wake madzulo. Ukamufinya mpaka misozi, mawa akakuona ukubwera amabisa jekete yabwino.

Chaka chimene Tadala anabadwa

Nditakhala miyezi ndikuyenda ndi envelopu m'khwapa, ndinamva kuti bungwe lina likufuna munthu woyang'anira ntchito yoika makompyuta m'maofesi a magulu a alimi ku Khonjeni. Wofunsa mafunso anali mayi Chimwaza, mayi wamfupi wa magalasi amene sankataya nthawi ndi moni wautali.

"Mapulogalamu a kompyuta mumatha kulemba?"

"Ayi, mayi."

"Nanga ikawonongeka, mumakonza?"

"Kuitsegula ndimatha. Potseka ndi pamene masikuluwu ena amatsala."

"Ndiye mwabwereranji bambo inu?"

"Mmisiri akati abwera Lolemba, ine ndimatha kumubweretsa Lolemba lomwelo."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Kenako anaseka, n'kundipatsa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Anati odziwa makompyuta ali nawo kale atatu, koma onse ndi a mawa.

Ntchito yoyendetsa polojekiti ndi imeneyo basi, ngakhale pambuyo pake ndinakaphunzira madzulo n'kutenga satifiketi imene imaifotokoza ndi mawu aatali. Pali mwini ndalama, amene amafuna kuti zinthu zithe dzulo. Pali amisiri, amene amati zitha mawa. Ndiye pali anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, amene nthawi zambiri palibe wawafunsa. Iwe umaima pakati n'kumanenerera mpaka onse atagwirizana tsiku limodzi. Ku Khonjeni makompyuta tinkawakulunga m'mabulangete n'kuwakweza pa kabaza, ine ndikuthamanga pambuyo ngati woperekeza mkwatibwi. Wa kabaza wina anafuna kundilipiritsa mtengo wa anthu awiri, akuti kompyuta ili ndi nzeru ngati munthu. Ndinamuuza kuti ngati ili munthu ndiye ndi wamaliseche wopanda thumba, akailipiritse yekha. Tinamvana pakati.

Moyo wa kontirakiti uli ndi nyengo zake. Miyezi yoyamba umayenda chifuwa chili patsogolo. Mwezi womaliza umayamba kupereka moni kwa anthu amene sunkawaona, n'kumadutsa pafupi ndi maofesi ena ukutsokomola kuti akukumbukire. Pakati pa kontirakiti ina ndi inzake pankakhala chilala, ndipo amayi anu ndi amene ankatiwolotsa ndi geni yawo ya zitenje. Tikapita ku Masambanjati, apongozi asanafunse za ana ankayamba ndi ine: "Ganyu uja watha, kapena akadakusungani?"

Zaka zimene mafuta ankasowa

Ku esiteti ya tiyi ku Thyolo ndinapita Chisomo akuyamba sukulu. Dzina la esitetiyo ndilisiya, mukulidziwa. Manijala wamkulu anali a Gondwe, ochokera ku Rumphi, munthu wamtali wa malaya osakwinyika amene ankafika pamsonkhano nthawi isanakwane n'kumayang'ana wotchi anthu akamalowa. Kunenerera ankadana nako. Ankati munthu woona mtima amakhala ndi mtengo umodzi. Ine ndinkayankha chamumtima kuti munthu wotero amagula zinthu modula.

Ntchito yanga yoyamba kumeneko inali yolumikiza makompyuta a m'madivishoni, kutanthauza zigawo za esitetiyo, ndi a ku fakitale. Zonse zinkasowa nthawi imeneyo. Dizilo kunalibe, magetsi ankabwera ngati mlendo, ndipo katundu woitanitsa kunja ankakhala miyezi kudikira ndalama zakunja. Mphezi inatiwotchera zipangizo kawiri pa phiri lomwelo. Ndinkayenda ofesi ndi ofesi kusinthanitsa zinthu: wa ku galaja ndimufulumizitsire pulinta yake, iye andikweze amisiri anga pa thalakitala yopita kukatenga masamba, wa ku fakitale ndimuikire netiweki kunyumba kwake, iye atisiyire jenereta Loweruka. A Gondwe ankadziwa zonsezi ndipo ankayang'ana kumbali. Kontirakiti anandiwonjezera katatu, nthawi iliyonse akunena kuti aka n'komaliza.

Mwezi wa June, chaka chachitatu pa esiteti

Tsiku lina la chiperoni, nkhungu itaphimba tiyi yense, a Gondwe anandiitana n'kutseka chitseko. Nkhani inali ya masikelo. Othyola tiyi akadzaza madengu ankapita nawo pamalo oyezera, kalaliki n'kupachika pa sikelo ya mbedza n'kulemba pamanja. Othyola ankadandaula kuti makalaliki amawabera, ndipo eni kampani ankadandaula kuti m'mabuku muli mizukwa, kutanthauza mayina a anthu omwe kulibe koma malipiro akutuluka. Choncho anagula masikelo a kompyuta. Munthu aziika chala pa kagalasi, makina amuzindikire, dengu liyezedwe, kulemera kwake kupite ku ofesi kopanda dzanja la munthu pakati.

"A Makwinja, makina amenewa ayambe kugwira mvula yoyamba isanagwe," anatero. "Mvula ikagwa masamba amaphuka ngati misala, sitingayese zinthu nthawi imeneyo. Ndalonjeza akuluakulu. Mukakwanitsa, pali mpando watsopano wa mkulu wa makompyuta. Wokhazikika. Penshoni, chipatala, ndi nyumba ija ya chumuni kuseri kwa bwalo la mpira."

Ndinayesa kusunga nkhope ya pamsika, ija yosonyeza kuti katunduyo sanandigwire mtima, koma miyendo inali ikuvina pansi pa tebulo. Ndinali nditatopa, ana anga. Tsitsi linali litayamba kuyera ndipo ndinali ndisanagonepo m'nyumba imene ndinkadziwa kuti chaka chamawa ndidzakhalamobe.

Kulakwa kwake n'kwakuti ndinawauza amayi anu tsiku lomwelo. Lamlungu lotsatira tinapezeka tikuzungulira nyumba ya chumuni ija ngati akuba. Inali nyumba yakale ya azungu, mawindo ake aatali kuyambira m'chiuno mpaka pafupi ndi denga. Amayi anu anavula chitenje chapamwamba n'kuyeza nacho windo lililonse. Lachitatu anakwera minibasi ya ku Limbe n'kubwerako ndi makatani obiriwira, olemera, a maluwa agolide, atathera phindu lonse la zitenje. Nditati mwina tikanadikira, anandiyankha kuti, "Abambo a Tadala, ndadikira kuyambira tsiku la chinkhoswe."

Mwezi wa September

Tinayamba kuyesa makina pa divishoni imodzi. Masiku oyamba tinkajambula zala, ndipo achinyamata olowa ntchito chaka chomwecho makina ankawalandira msangamsanga, kagetsi kobiriwira n'kuyaka. Vuto linayamba titafika kwa achikulire. Pa mzere panali mayi Namakhwa, amene anathyola tiyi pa esitetiyo kuyambira ali mtsikana, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ngakhale akapitawo ankamuopa. Anaika chala. Kagetsi kofiira. Anaikanso china. Kofiira. Tinayesa zala zonse khumi.

"Akuti chiyani makina anuwa, achimwene?"

"Akuti sakukuonani bwino, mayi."

"Sakundiona? Thupi lonseli? Auzeni avale magalasi."

Ndinawapempha kuti ndione manja awo. Nsonga za zala zinali zosalala ngati mwala wa mumtsinje, zakuda ndi utomoni wa tiyi, mwina ndi mwina zong'ambika. Timizere tonse timene makina amawerenga tinatha kalekale, tinatsalira pa mitengo ya tiyi. Ndipo sanali okha. Pafupifupi aliyense amene anathyola zaka zambiri, makina ankamukana. Tinayesa kunyowetsa zala, kupaka mafuta, kupumira mpweya pa kagalasi. Wogulitsa makinawo, bambo wa suti wochokera mu mzinda, anandiuza pafoni kuti anthuwo azisamba m'manja bwinobwino. Nditawafotokozera mayi Namakhwa, anatembenuzira m'Chilomwe n'kunena mawu amene mzere wonse unagwa nawo ndi phwete. Amayi anu anakana kundimasulira.

Ndinadziuza kuti zimenezi tizikonza tikuyenda. Kenako linafika tsiku limene linandisokoneza. Pa nthawi yoyeza masana, anthu onse atayezetsa, panatsala dengu limodzi lodzaza bwino, lopanda mwini. Mayi Namakhwa analinyamula n'kulipachika pa sikelo yatsopano.

"Ili ndi la Esime."

"Esimeyo abwere aike chala," ndinatero.

Kapitawo anayang'ana nsapato zake. Mayi Namakhwa anandiyang'ana nthawi yaitali, nthabwala zonse zitachoka pankhope.

"Chala cha Esime chili kumanda, achimwene. Chikuponya dothi pa bokosi la mwana wake."

Kapitawo ndi amene anandikokera pambali n'kundifotokozera. Mnzawo akaferedwa kapena akagonekedwa m'chipatala, aliyense pa gululo amatapa masamba m'dengu lake n'kuthira m'dengu la amene palibeyo. Amati kumuthirira. Dengulo limayezedwa m'dzina la mwini wake, kuti asalembedwe kuti wajomba, ndiponso kuti pa malipiro apeze kogulira mchere. Makalaliki onse ankadziwa, akapitawo ankadziwa, ndipo kampani sinkataya kanthu chifukwa masambawo ndi enieni, afika ku fakitale. Koma m'mapepala onse a polojekiti amene ndinalemba, ndi misonkhano yonse imene tinachita, nkhaniyi sinatchulidwepo. Ndani akanaitchula? Ku ofesi ikanamveka ngati mzukwa wina.

Dengu la Esime tinaliyeza pa sikelo yakale ya mbedza, imene inali isanachotsedwe. Pobwerera ku ofesi ndinadutsa njira yaitali kuti ndisaone nyumba ya chumuni.

Mwezi wa October

Kunja kunatentha, mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mulanje, ndipo a Gondwe anandiikira pepala patebulo loti ndisayine kuti makina ali okonzeka.

"Makina ali bwino, bwana," ndinatero. "Koma akulandira amene analowa dzulo n'kumakana amene anaimanga esitetiyi."

"Amenewo kalaliki aziwalemba pamanja kaye. Sayinani."

"Ndiye akuluakulu akadzaona kuti pali gulu lolembedwa pamanja adzati chiyani? Adzati mizukwa ija ndi imeneyi. Nyengo yamawa polemba anthu ntchito, adzayamba ndi amene makina amawadziwa. Ine ndikudziwa, inunso mukudziwa."

Sanatsutse, anangonyamula kapu yawo ya tiyi. Ndinaona kuti msika watsegulidwa, ndipo ndinayamba ndi mtengo wa moni. Ndinati makina onse a zala abwezedwe kwa mwini wake, tiyambirenso chaka chamawa. A Gondwe anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi wawo.

"Mwapenga kodi? Mukudziwa kuti ndinaima pamaso pa akuluakulu n'kulonjeza?"

Ndinaika cholembera pansi mwaulemu, n'kutenga chipewa changa, n'kuyamba ulendo wa kuchitseko. Ndinayenda pang'onopang'ono. Ofesi imeneyo ndi yaifupi, ndipo ndinafika pachitseko asananene kanthu. Ndinagwira chogwirira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ulendo uno wogulitsa sandiitana, ndipo ndikafika panja sindidziwa kolowera.

"Bwererani mukhale pansi, a Makwinja. Kuno si kumsika wa Limbe."

"Paliponse pamene pali wofuna ndi wokana ndi pamsika, bwana."

Tinanenerera mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Tinagwirizana kuti zala zikhalebe kwa amene makina akuwadziwa, koma amene zala zawo zinafufutika apatsidwe makhadi okhala ndi chithunzi, ndipo mu kompyuta onse azioneka mofanana. Za kuthirirana anakana kaye kwamtuwagalu. Ndinati tisazibise, tizilowetse m'makina momwemo: kapitawo aike chala chake, anthu awiri achitire umboni, ndipo ku ofesi kuzioneka poyera kuti dengu ili ndi lothiriridwa. Ndinapempha kuti zikhale za maliro, matenda, uchembere ndi ukwati. Ukwatiwo ndinangouikapo kuti akhale ndi chochotsa. Iwo anati maliro okha. Tinathera pa maliro, chipatala ndi uchembere. Atavomera anayang'ana pawindo n'kunena motsitsa mawu kuti kwawo ku Rumphi anthu amakalimira munda wa namfedwa, ndipo palibe amene amafunsa kuti khasu ndi la yani.

Ndinayamba kumwetulira, ndikuyesa kuti ndagula jekete pa mtengo wa mpango. Ndipo pamenepo munthu wa mtengo umodzi uja anandionetsa kuti nayenso msika amaudziwa.

"Chabwino. Makhadi ndi oitanitsa kunja. Pulogalamu iyenera kulembedwanso. Thumba la polojekiti latha, ndipo akuluakulu sindingawapemphe china pamene ndikukawauza kuti tachedwa. Ndalama zake zichokera kuti?"

Anatembenuza pepala la bajeti n'kulisunthira kwa ine. Sanaloze paliponse. Panalibe chifukwa cholozera. Mzere umodzi wokha ndi umene unali usanakhudzidwe, wa mpando watsopano wa mkulu wa makompyuta.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinayankha nthawi yomweyo ngati munthu wa m'Baibulo. Ayi. Ndinanenerera.

"Nanga mpandowo utayamba chaka chamawa?"

"Ndalama ikachoka pa mzere sibwerera. Mukudziwa."

"Nanga nyumba yokha?"

"Nyumba imayenda ndi mpando."

"Theka la nyumba? Kuli khomo lakumbuyo."

"A Makwinja."

Ndinapempha kuti ndikawombedwe mphepo. Panja, kumunsi kwa ofesi, othyola anali pa mzere wa sikelo ya masana, madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'chiuno. Ndinaganiza za makatani. Ndinaganiza za apongozi anga ndi funso lawo lija. Ndinadziuzanso zoona zake, kuti ndikasayina palibe amene adzandiloze chala, chifukwa makinawo analidi bwino ndipo ine ndinalembedwa ntchito ya makina. Koma ndikanakhala m'nyumba ya chumuni, njira yopita ku ofesi m'mawa uliwonse ikanadutsa pa sikelo pomwepo. Ine ndine munthu wokonda moni. Sindikanatha kukhala zaka zonsezo ndikuyenda njira yaitali.

Ndinabwerera n'kunena kuti agule makhadi. Motero ndinagulitsa mpando umene ndinali ndisanaukhalepo.

"Akuluakulu ndikawauza kuti wa kontirakiti ndiye wachedwetsa," anatero a Gondwe, osandiyang'ana.

"Kawauzeni, bwana. Ntchito ya waganyu ndi imeneyo, kusenza mlandu n'kuchoka nawo." Nawonso anayenera kutsala ndi chokanena. "Koma basela ndiye mundipatse."

Basela wake anali kontirakiti ina mpaka ntchitoyo ithe, kalata yabwino yondichitira umboni, ndi paketi ya tiyi mwezi uliwonse. Tiyiyo anapitiriza kunditumizira mpaka pamene anapuma ntchito n'kubwerera kwawo.

Kunyumba ndinapeza amayi anu akusita makatani aja kachitatu. Ndinafotokoza zonse nditaima pakhomo, kuti pakavuta ndikhale pafupi ndi njira. Anamvetsera osasiya kusita. Nditafika pa dengu la Esime ndinayamba kufotokoza tanthauzo la kuthirirana, ndipo anaimika simbi.

"Mukundiphunzitsa ine? Bambo anga atamwalira, mukuganiza kuti tinadya chiyani mwezi umenewo? Amayi ankathyola tiyi, ndipo anzawo anawathirira sabata yonse."

"Ndiye mwandimvetsa, amayi a Tadala."

"Ndakumvetsani. Koma makatani ndagula kale."

Anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'sutikesi, ndipo kwa masabata awiri ankandipatsa moni wa alendo. Apongozi atamva anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," n'kundiwonjezera ndiwo m'mbale, chinthu chimene anali asanachitepo.

Zaka zotsatira, mpaka lero

Mvula inagwa makina asanayambe. Nyengo yonseyo tinayeza pa masikelo a mbedza, ndipo dzina langa linatchulidwa m'misonkhano imene sindinaitanidwe. Makhadi anafika mochedwa monga mwa masiku onse, ndipo makina anayamba kugwira masamba atachepa. Tsiku loyamba mayi Namakhwa anagunditsa khadi lawo, kagetsi kobiriwira n'kuyaka. Anati, "Ehe, wavala magalasi tsopano."

Ntchito yokhazikika sindinaipezenso. Koma nkhani imayenda m'maesiteti kuposa thalakitala. Mamanijala ena amene anagula makina omwewo anakumana ndi zala zomwezo, ndipo anayamba kufunsa za bambo uja wa makhadi. Ndinagwira ku Mulanje, ndinagwira pa chipatala china cha mishoni, ndinagwira ndi mabungwe a alimi, miyezi isanu ndi umodzi apa, chaka apo. Kulikonse ndisanatsegule katoni ndinkayamba ndakhala tsiku lonse pamene anthu akugwirira ntchito, n'kumafunsa kuti kukagwa maliro amatani. Ena ankandiona ngati wobwebweta. Ganyu yemweyo ndi amene anakuphunzitsani nonse awiri, ndipo ndi amene anagula malo ano.

Chaka chatha ndinaima pa Masambanjati kuti ndigule nthochi, ndipo wogulitsa anali mayi Namakhwa, atakalamba koma pakamwa pali pomwepo. Anandizindikira ndisanatsike bwino m'galimoto. Tinakumbatirana, tinafunsana za ana, anauza anzawo onse kuti awa ndi achimwene aja anaveka makina magalasi. Ndinaona kuti lero ndiye ndigula motchipa. Nditanenerera, sanatsitse ngakhale pang'ono. Nditapempha basela anati, "Basela wa chiyani? Simunkalipidwa kodi?" Ndinalipira mtengo woyamba, ine Makwinja, anthu akuona.

Tsopano za mawindo. Pamene tinkamanga nyumba ino, mmisiri anajambula mawindo wamba, ofanana ndi a nyumba zonse za mu mzerewu. Amayi anu anapita kuchipinda kumene tinkachita lendi, n'kutulutsa sutikesi ija, n'kuyala katani imodzi pa mchenga pamaso pa mmisiriyo. Anati mawindo atsatire katani. Mmisiri anati zimenezo n'zosemphana, anthu amadula katani kuti ikwane windo, ndipo mawindo otere adya njerwa zochepa koma magalasi ambiri. Anayang'ana kwa ine kuti ndimuthandize. Ine amene ndinanenerera ndi mamanijala, ndi ogulitsa makina, ndi a kabaza a ku Khonjeni, ndinayang'ana nkhope ya amayi anu n'kuona kuti apa mtengo ndi umodzi.

Makataniwo ndi omwe mukuwaonawo. Kubiriwira kunachepa, maluwa agolide anasanduka a khaki, koma akukwana ndendende. Tikadzapita, nyumbayi mudzachite nayo zimene mukufuna. Makatani okhawo musadzawadule.